Apophis: Mafunso ndi Mayankho pa Chimwala Chodzadutsa Pafupi ndi Dziko mu 2029

Usiku wa Lachisanu pa 13 Epulo 2029, chimwala chachikulu chotchedwa Apophis chidzadutsa pafupi kwambiri ndi dziko lathu, moti anthu a mu Africa, ku Ulaya ndi kumadzulo kwa Asia adzatha kuchiona ndi maso. Tsikulo likamayandikira, mauthenga oopseza adzachuluka pa mafoni, ndipo ena ayamba kale kuzungulira. Kabuku kano kakuyankha mafunso amene munthu angafunse asanakhulupirire kapena kutumiza uthenga wotere kwa mnzake.

Kodi Apophis ndi chiyani? Ndi nyenyezi?

Ayi. Nyenyezi ndi moto ngati dzuwa, ndipo zili kutali zedi. Apophis ndi thanthwe lozizira lopanda kuwala kwakekwake, ndipo amaoneka pokhapokha dzuwa likamuunikira. Ali m'gulu la miyala yozungulira dzuwa imene akatswiri a zakuthambo amaitcha ma asteroid. Miyalayi ndi zotsalira za nthawi imene mapulaneti ankaumbika, zaka pafupifupi 4.6 biliyoni zapitazo. Yambiri imayenda kutali, pakati pa Mars ndi Jupiter, ndipo kumeneko siivutitsa aliyense. Ina ndiyo idakankhidwa pang'onopang'ono ndi mphamvu yokoka ya mapulaneti mpaka kulowa m'dera limene dziko lathu limayendamo.

Apophis si wobulungira. Zithunzi za rada zikusonyeza kuti ndi wotalika mbali imodzi, mamita pafupifupi 450, pamene mbali yake yopyapyala ndi mamita pafupifupi 170. Akamatchula kukula kwake ndi nambala imodzi amati mamita 340. Kulemera kwake ndi matani mamiliyoni makumi angapo. Kuwala kumene amabweza kukusonyeza kuti ndi mwala wa mtundu wamba, wosakanikirana ndi chitsulo pang'ono, wofanana ndi miyala yambiri imene imagwa kuchokera kumwamba anthu n'kuitola. Sazunguliranso mwadongosolo ngati dziko lathu. Amagubuduka mopendamapendama, ndipo kutembenuka kamodzi kumamutengera maola pafupifupi 30.

Adamutulukira ndani, nanga dzinali lidachokera kuti?

Adamuona koyamba pa 19 Juni 2004 akatswiri atatu, Roy Tucker, David Tholen ndi Fabrizio Bernardi, pa malo oonera zakuthambo a Kitt Peak ku Arizona, m'dziko la America. Adangomuona usiku uwiri, kenako adasowa. Adadzaonekanso mu Disembala chaka chomwecho kuchokera ku Siding Spring, ku Australia. Nthawi imeneyo ankangodziwika kuti 2004 MN4. Njira yake itadziwika bwino mu 2005, adapatsidwa nambala 99942 ndi dzina lakuti Apophis, limene Agiriki ankatchulira Apep, njoka ya mdima imene Aigupto akale ankati imalimbana ndi mulungu wawo wa dzuwa, Ra. Dzinali lathandiza kwambiri kufalitsa mantha. Koma dzina amapereka ndi anthu, ndipo silisintha njira ya mwala ngakhale pang'ono.

Nanga mantha a mu 2004 adayamba bwanji?

Mwala ukangotulukiridwa, akatswiri amakhala ataona kachigawo kakang'ono chabe ka ulendo wake. Kuchokera pa kachigawoko, makompyuta amajambula njira zonse zimene zingagwirizane ndi zomwe zaonedwa, ndipo zimakhala zambirimbiri. Kenako amawerenga kuti mwa njira zonsezo, ndi zingati zimene zikuthera pa dziko lapansi.

M'masiku a Khirisimasi mu 2004, nambala ya Apophis idayamba kukwera tsiku ndi tsiku. Pofika pa 27 Disembala idafika pa 2.7 peresenti, kutanthauza mwayi umodzi pa 37 woti adzagunda dziko pa 13 Epulo 2029. Pali sikelo yoyezera ngozi zotere, yotchedwa Torino, imene adaikonza Richard Binzel ndipo idavomerezedwa mu 1999 mu mzinda wa Turin ku Italy. Imayambira pa 0 kufika pa 10. Apophis adafika pa 4, ndipo palibe mwala wina umene udafikapo pamenepo. Anthu ambiri sadaimve nkhaniyi panthawiyo, chifukwa pa 26 Disembala kudachitika tsunami ya m'nyanja ya Indian imene idapha anthu oposa 200,000, ndipo makutu onse anali kumeneko.

Chimene chidathetsa nkhaniyo ndi zithunzi zakale. Pofufuza m'zithunzi zimene gulu la Spacewatch lidajambula mu Malichi 2004, adapezamo kadontho kofooka kamene panalibe adakazindikira. Kanali Apophis. Ndi miyezi itatu yowonjezerayo, njira zambiri zongoganizira zidachotsedwa, ndipo zonse zogunda dziko mu 2029 zidapita nazo.

Apa pali chinthu chimene chimasokoneza anthu. Nambala ya ngozi nthawi zambiri imayamba yakwera isanagwe. Malo amene mwala ungadutse akamachepa koma dziko likadali m'kati mwake, gawo la dziko pa malowo limakula, ndiye peresenti imakwera. Malowo akachepanso mpaka dziko kutsala kunja, nambala imagwa kufika pa 0 kamodzin'kamodzi. Zidachitikanso chimodzimodzi ndi mwala wa 2024 YR4, wa mamita pafupifupi 60. Mu Febuluwale 2025 nambala yake idafika pa 3.1 peresenti, kupitirira ya Apophis, ndipo patangopita masiku ochepa idagwa. Akatswiri sadaname poyamba ndipo sadasinthe maganizo mwamantha. Adanena zimene miyeso ya tsikulo inkalola, kenako miyeso idawonjezeka.

Ngati sagunda, n'chifukwa chiyani amamuikabe m'gulu la miyala imene ingakhale yoopsa?

Gulu limeneli lili ndi malamulo awiri okha. Loyamba ndi lakuti njira ya mwalawo iyandikire njira ya dziko lapansi pa mtunda wosapitirira makilomita 7.5 miliyoni, womwe ndi mtunda wa kuno ndi kumwezi pafupifupi maulendo 20. Lachiwiri ndi lakuti mwalawo ukhale wa mamita pafupifupi 140 kapena kuposerapo, chifukwa wotero ukagwa ungawononge chigawo chachikulu. Mwala uliwonse wokwanitsa ziwirizi umalembedwa, kaya udzafika pafupi chaka chamawa kaya sudzafika kwa zaka mazana asanu.

Miyala yoyenda m'dera la dziko lathu imene yadziwika ndi yoposa 30,000, ndipo yoposa 2,000 mwa imeneyi ili m'gulu lija. Kulembedwa m'gululi kumatanthauza kuti akatswiri aziuyang'anira, popeza njira za miyala zimasintha pakapita zaka mazanamazana. Amene amalemba mitu ya nkhani amakonda kudula mawu akuti "ingakhale" n'kusiya "yoopsa", ndipo bodza limayambira pomwepo.

Kodi njira yake yozungulira dzuwa ndi yotani?

Dziko lathu lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 miliyoni kuchokera ku dzuwa, ndipo njira yake ndi yozungulira bwino, moti mtundawu umasintha pang'ono pa chaka. Njira ya Apophis ndi yophwatalala. Akayandikira dzuwa amafika pa makilomita pafupifupi 112 miliyoni, kufupi ndi njira ya Venus, pulaneti imene timaitcha Nthanda ikamatuluka m'bandakucha. Akatalikira amafika pa makilomita pafupifupi 164 miliyoni, kunja pang'ono kwa njira yathu. Motero nthawi yake yambiri amakhala m'kati, pakati pa ife ndi dzuwa, ndipo amangotulukira kunja kwa kanthawi. Miyala ya khalidwe lotere amaitcha gulu la Aten.

Chaka chake ndi chachifupi kuposa chathu, masiku pafupifupi 324. Amathamanga makilomita pafupifupi 30 pa sekondi iliyonse, liwiro losasiyana kwenikweni ndi la dziko. Njira yake idapendekeka pang'ono chabe poyerekeza ndi yathu, madigiri oposa 3 pang'ono.

Kukhala m'kati kumeneku n'kumene kumavutitsa omuyang'anira. Apophis amatha zaka zingapo ali kumbali ya dzuwa, kumene makina oonera zakuthambo sangaloze, ndipo akatswiri amangodikira kuti atulukirenso mu thambo la usiku.

Ngati njira ziwirizi zimakumana, bwanji sadagundane mpaka lero?

Taganizani za mphambano ya misewu iwiri. Misewuyo imakumana tsiku lililonse, koma ngozi imachitika pokhapokha galimoto ziwiri zikafika pamphambanopo nthawi imodzi. Ndipo mphambano ya mumlengalenga ili ndi chinanso: msewu umodzi ukhoza kudutsa pamwamba kapena pansi pa unzake, chifukwa cha kupendekeka kuja.

Dziko limafika pa mphambano yake yoopsa ndi Apophis kamodzi pa chaka, cha pa 13 Epulo. N'chifukwa chake masiku onse amene adatchulidwapo kuti ndi a ngozi, mu 2029, mu 2036 ndi mu 2068, ali mu Epulo. Popeza chaka cha Apophis ndi chachifupi ndi masiku pafupifupi 41, zaka zambiri dziko likamafika pamenepo iye amakhala ali kwina pa njira yake. Ndipo dziko silichedwapo. Pa liwiro lake limasuntha mtunda wofanana ndi kukula kwake konse, makilomita pafupifupi 12,700, m'mphindi zisanu ndi ziwiri zokha. Mwala ukachedwa kapena kufulumira ndi mphindi zowerengekazo umapeza dziko palibe. Nambala imeneyi muisunge, chifukwa chitetezo chonse cha dziko ku miyala yotere chagona pa mphindi zimenezi.

Nanga pa 13 Epulo 2029 padzachitika chiyani?

Apophis adzadutsa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 32,000 kuchokera pansi pano. Mwezi uli pa makilomita pafupifupi 384,000, choncho iye adzakhala pafupi kuposa mwezi kakhumi n'kupitirira. Masetilaiti amene madishi athu a TV amaloza ali pa makilomita pafupifupi 36,000, ndiye kuti adzatsika kuposa iwo. Mtunda wozungulira dziko lonse pa equator ndi makilomita 40,000, wautali kuposa mpata umene udzakhale pakati pa ife ndi iye. Akatswiri amawerengera kuti mwala waukulu chonchi umayandikira motere kamodzi pa zaka zikwi zingapo, ndipo aka n'koyamba kuti anthu adziwiretu tsiku ndi ola.

Adzayamba kuonekera kumwamba kwa Australia, n'kuwoloka nyanja ya Indian, n'kudutsa pamwamba pa Africa akulowera kumadzulo. Pamene adzayandikire kwambiri padzakhala pamwamba pa nyanja ya Atlantic, nthawi ili cha m'ma 11:45 usiku ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe.

Ife kuno tidzamuona?

Inde, ngati kumwamba kudzakhale kopanda mitambo. Africa ili pamalo abwino kuposa America, kumene kudzakhale kukadali masana. Mwayi wina ndi wakuti usiku umenewo mwezi udzakhala mumdima. Epulo ndi kumapeto kwa dzinja, ndiye za mitambo palibe angalonjeze.

Musayembekezere chimoto cha mchira kapena mkokomo. Adzaoneka ngati nyenyezi ya kuwala kwapakatikati, kadontho koyenda mwakachetechete pakati pa nyenyezi zinazo. Poyamba adzaoneka ngati sakusuntha, koma akamayandikira adzathamanga mpaka kumadutsa mpata wofanana ndi kukula kwa mwezi wathunthu pasanathe mphindi imodzi. Nthawi yabwino ndi kuyambira kukada mpaka chapakati pa usiku. Pa nkhani iyi wakumudzi kopanda magetsi adzapambana wa m'tauni. Kuyang'ana sikudzavulaza maso, popeza si kadamsana.

Sadzagunda masetilaiti, kapena kuyambitsa zivomezi ndi kusefukira kwa nyanja?

Masetilaiti aja adandandalika pamwamba pa equator. Apophis adzabwera mopingasa, ndipo podzadutsa mzere wa equator adzakhala kunja kwa dera lawo. Za zivomezi ndi nyanja, yankho ndi ayi. Mphamvu yokoka imadalira kulemera, ndipo matani mamiliyoni aja si kanthu poyerekeza ndi mwezi umene umakoka nyanja zathu tsiku lililonse. Sadzasintha nyengo, mvula kapena maola a tsiku. Ngati kwinakwake kudzachite chivomezi sabata imeneyo, chidzakhala cha nthawi zonse, ngakhale padzapezeka anthu ochilumikiza ndi mwalawu.

Ndiye palibe chidzasinthe?

Chidzasinthe ndi Apophis mwiniwake. Dziko lidzamukoka mwamphamvu moti njira yake idzapindika mpaka kalekale. Chaka chake chidzatalika kuchoka pa masiku 324 kufika pa chaka chathu chimodzi ndi miyezi pafupifupi iwiri. Poyandikira dzuwa azidzalekezera pa makilomita pafupifupi 134 miliyoni, ndipo potalikira azidzafika pa makilomita pafupifupi 196 miliyoni. Adzachoka m'gulu la Aten n'kulowa m'gulu la Apollo, la miyala imene imakhalitsa kunja kwa njira yathu.

Thupi lakenso lidzamva kukokako, chifukwa mbali yoyang'ana dziko idzakokedwa kwambiri kuposa inayo. Kagubudukidwe kake kadzasintha, ndipo akatswiri ena akuyembekezera kuti fumbi ndi timiyala ta pamwamba pake tingagumuke n'kuonetsa zimene zili pansi. Apa ndiye pali phindu lenileni la tsikuli. Funso lalikulu pa miyala yotere ndi lakuti m'kati mwake ndi thanthwe limodzi lolimba kapena ndi mulu wa zibenthu zongogwirana. Yankho lake ndi limene linganene mmene tingakankhire mwala wina m'tsogolo. Kuti tigwedeze mwala wa mamita 340 n'kuona mmene ukuchitira, tingafunike ndalama ndi zida zimene tilibe, koma mu 2029 dziko lidzachita zimenezo lokha, kwaulere.

Tidamvanso za 2036 ndi 2068. Zidatha bwanji?

Nkhani ya 2029 itatha, padatsala vuto lovuta kuposa loyamba. Kupindika kwa njira kuja kumadalira malo enieni amene Apophis adzadutse. Akasuntha pang'ono, chaka chake chatsopano chimasiyananso. Akatswiri adapeza kuti pafupi ndi dziko pali timipata ting'onoting'ono, timene amatiyerekeza ndi kabowo ka kiyi. Mwala ukadutsa ndendende pa kamodzi mwa timipatati, umalandira chaka chimene chidzaubweretse pamphambano nthawi imodzi ndi dziko. Kampata ka 2036 kanali kosakwana kilomita imodzi. Akadadutsa pamenepo, Apophis akadazungulira dzuwa kasanu ndi kamodzi pamene dziko likuzungulira kasanu ndi kawiri, ndipo akadakumana pa 13 Epulo 2036. Mu Januwale 2013 adadutsa pa makilomita pafupifupi 14.5 miliyoni, adamuyeza ndi rada, ndipo ngozi ya 2036 idachotsedwa.

Ya 2068 idakhalitsa chifukwa cha kamphamvu kodabwitsa kamene adakaganizira injiniya Ivan Yarkovsky cha m'ma 1900. Dzuwa limatenthetsa mbali imodzi ya mwala. Mwalawo ukamatembenuka, mbali yotenthayo imatulutsa kutentha kwake italoza kwina, monga mmene masana ndi madzulo kumatenthera kuposa m'mawa. Kutentha kotulukako kumakankha mwalawo pang'ono zedi, koma sikupuma. Mu Okutobala 2020 David Tholen, mmodzi mwa atatu aja, adalengeza kuti pogwiritsa ntchito makina a Subaru ku Hawaii adapeza kuti njira ya Apophis ikuchepa ndi mamita pafupifupi 170 pa chaka. Pa njira ya makilomita mamiliyoni mazana, mamita 170 akumveka ngati nthabwala. Koma pamene nkhani ndi ya kampata kosakwana kilomita, ndipo zaka zikuwunjikana, mamita amenewa amawerengedwa.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu Malichi 2021 Apophis adadutsanso, pa makilomita pafupifupi 17 miliyoni. Dishi ya mamita 70 ya ku Goldstone, ku California, idatumiza mafunde a rada, ndipo dishi ya mamita 100 ya ku Green Bank, ku West Virginia, idalandira obwerera. Pa mtunda wonsewo adayeza pamene iye ali mosaphonya ndi mamita oposa 150. Kumapeto kwa mwezi womwewo bungwe la NASA lidamuchotsa pa mndandanda wa miyala yodetsa nkhawa, n'kunena kuti sangagunde dziko kwa zaka zosachepera 100. Zidatenga zaka 17 kuti afike pa chiganizo chimenecho.

Bwanji ngati maboma akubisa zoona kuopa chisokonezo?

Funsoli si lopusa, maboma amabisadi zinthu. Koma thambo ndi lovuta kulibisa. Miyeso ya miyala yonse imatumizidwa ku Minor Planet Center, ku Cambridge m'chigawo cha Massachusetts, ndipo imaikidwa poyera pa intaneti. Oyeza ndi a mayiko ambiri, ena mwa iwo anthu wamba okhala ndi makina awo kunyumba. Owerengera nawonso sali pamodzi. A NASA amawerengera ku California, a bungwe la ku Ulaya la ESA amawerengera ku Frascati ku Italy, aliyense ndi mapulogalamu ake, kenako amafanizira. Wophunzira wa masamu wakhama, kaya ali ku Zomba kaya ku Lusaka, akhoza kutenga miyeso yomweyo n'kudziwerengera. Ndiponso mu 2004, pamene nambala zinali zoopsadi, zidalengezedwa tsiku lililonse.

Akadati agwe, zikadakhala bwanji?

Pa 15 Febuluwale 2013 mwala wa mamita pafupifupi 20 udaphulika m'mwamba, makilomita pafupifupi 30 pamwamba pa mzinda wa Chelyabinsk ku Russia. Anthu pafupifupi 1,500 adavulala, ambiri ndi magalasi a mawindo, chifukwa adathamangira kukasuzumira kuwalako mkokomo usanafike. Pa 30 Juni 1908, ku Tunguska ku Siberia, wina wa mamita makumi angapo udagwetsa nkhalango ya makilomita 2,000 m'bwalo lake lonse. Apophis ndi wamkulu kutalitali kuposa iwiri yonseyi. Mpweya sukadamuletsa, akadafika pansi, ndipo mphamvu yake ikadaposa kakhumi bomba lalikulu kwambiri limene anthu adaphulitsapo, la Soviet Union la mu 1961. Pamtunda akadakumba dzenje la makilomita angapo n'kuwononga chigawo chonse. M'nyanja akadautsa mafunde oopsa.

Kumeneko kukadakhala kuwonongeka kwa dziko limodzi kapena chigawo, osati kutha kwa anthu onse. Mwala umene udagwa ku Chicxulub ku Mexico zaka 66 miliyoni zapitazo, umene udathetsa zinyama zikuluzikulu za ma dinosaur, unali wa makilomita pafupifupi 10. Kuchigawo chathu chino zipsera ziliponso. Ku Vredefort ku South Africa kuli zotsalira za dzenje lalikulu kwambiri lodziwika pa dziko, la zaka 2 biliyoni. Timiyala ting'onoting'ono ndiye timagwa kawirikawiri. Mu 1981 ku Machinga kudagwa mwala wa makilogalamu oposa 90, ndipo pa 2 Juni 2018 kamwala kotchedwa 2018 LA kadaonedwa maola ochepa kasanaphulike pamwamba pa Botswana, zibenthu zake n'kudzatoledwa m'chipululu cha Kalahari.

Kodi anthu angaupatutse mwala wotere?

Adayesapo kamodzi, ndipo zidatheka. Pa 26 Seputembala 2022 chombo cha NASA chotchedwa DART chidagunda dala Dimorphos, mwala wa mamita pafupifupi 150 umene umazungulira unzake waukulu, Didymos. Kale unkazungulira pa maola 11 ndi mphindi 55. Utagundidwa, nthawiyo idachepa ndi mphindi zoposa 30, kuposa mmene ambiri ankayembekezera, chifukwa zibenthu zimene zidathothoka zidaukankhanso. Chombo cha ESA chotchedwa Hera chidanyamuka mu Okutobala 2024 kukaona bala limene lidatsala.

Cholinga si kuuswa mwalawo ngati m'mafilimu, poti zibenthu zake zingabwerebe njira yomweyo. Cholinga ndi kuuchedwetsa kapena kuufulumizitsa ndi mphindi zisanu ndi ziwiri zija. Kukankha pang'ono zaka makumi awiri ngozi isanafike kumakwanira. Kukankha mwamphamvu kutatsala mwezi umodzi sikuthandiza. Motero chida chachikulu pa ntchitoyi si roketi koma kudziwa msanga.

Pali zombo zopita kwa Apophis?

Chombo cha OSIRIS-REx chidabweretsa fumbi ndi timiyala tolemera magalamu pafupifupi 120 kuchokera ku mwala wa Bennu, n'kuziponya m'chipululu cha Utah pa 24 Seputembala 2023. Chidatsala ndi mafuta, ndiye adachipatsa dzina latsopano lakuti OSIRIS-APEX n'kuchilozetsa kwa Apophis, kuti chikamupeze atangodutsa dziko. Mwa zina, chikuyembekezeka kutsika pafupi n'kuuzira pansi ndi injini zake kuti fumbi lichoke. A ESA akukonza china chotchedwa Ramses, mothandizana ndi Japan, choti chinyamuke mu Epulo 2028 n'kufika mu Febuluwale 2029, kuti chione mwalawo usanakokedwe, ukukokedwa ndiponso utakokedwa. Bungwe la United Nations lidasankha 2029 kukhala chaka chophunzitsa anthu za miyala imeneyi ndi chitetezo cha dziko.

Ngati Apophis si woopsa, tizidera nkhawa chiyani?

Miyala imene sinapezeke. Tsiku lomwe lija la Chelyabinsk, akatswiri ndi atolankhani anali tcheru kudikira mwala wina, 2012 DA14, umene udadutsa bwinobwino pa makilomita pafupifupi 28,000 monga adaneneratu. Umene udavulaza anthu udachokera mbali ya dzuwa, ndipo palibe adauona. Chakudza sichiimba ng'oma.

Miyala ikuluikulu ya kilomita imodzi kupita m'tsogolo, yoposa 90 pa 100 iliyonse idapezeka kale, ndipo palibe umene ukubwera kwa ife. Koma ya msinkhu wa mamita 140 kupita m'tsogolo, gulu la Apophis, yopezeka sinakwane theka. Ntchito yosaka ikupitirira. Makina a ATLAS amasesa thambo usiku uliwonse, ndipo amodzi mwa iwo ali ku Sutherland ku South Africa, kumene amaona thambo la kummwera limene a ku Hawaii saliona lonse. Ku Chile kuli Vera Rubin Observatory, imene idaonetsa zithunzi zake zoyamba mu Juni 2025. A NASA akupanganso NEO Surveyor, makina okaikidwa mumlengalenga oti azisaka miyala poona kutentha kwake, kuphatikizapo yakuda ndi yobisala kufupi ndi dzuwa. M'kuona kwanga, ndalama zopita ku makina osakawa ndi zofunika kuposa zopita ku chombo chilichonse chokaona mwala umene tikuudziwa kale.

Ndiye munthu wamba achite chiyani?

Mukalandira uthenga wakuti dziko litha mu 2029, funsani zinthu zitatu: dzina la mwalawo, mtunda umene udzadutse, ndi amene wayeza. Uthenga wopanda zimenezi musautumize kwa wina. Musagulitse munda kapena ziweto, musasiyitse mwana sukulu, ndipo musapereke ndalama kwa aliyense wolonjeza kukutetezani ku mwala umene njira yake idayezedwa kale. Aphunzitsi a sayansi ayambe kukonzekera tsopano, popeza ena mwa ana amene ali ku pulayimale lero adzakhala ku sekondale chaka chimenecho. Lembani tsikuli penapake, Lachisanu pa 13 Epulo 2029, ndipo kukadzada mudzazimitse nyali, mudzatuluke panja ndi ana anu.